Makina opindira mapuliti osatha: ndi ati oyenera ntchito yanu?

Telala aliyense amene anasokapo siketi ya mapuliti amalidziwa funso limene mwini chovala amafunsa asanatulutse n'komwe ndalama: "Kodi ndikachapa, mizereyi ikhalapobe?" Kupinda nsalu si nkhani, aliyense amene ali ndi simbi atha kupinda. Nkhani ili pakuti nsaluyo ikhale chipindikire italowa m'madzi kambirimbiri, itakhaliridwa tsiku lonse, itayanikidwa padzuwa. Njira zochitira zimenezi zilipo zingapo, kuyambira pa zikombole za katoni zopinda ndi manja mpaka makina akuluakulu oyendetsedwa ndi kompyuta, ndipo zimasiyana kwambiri pa ndalama, pa changu ndi pa mmene chovala chimaonekera chikatha.

Nsalu ndiyo imayamba kulamula

Puliti losatha limachokera mu ulusi wa nsaluyo, makina amangothandizira. Poliyesitala ndi nayiloni ndi ulusi wa pulasitiki. Poliyesitala ikatentha kudutsa madigiri 70 kapena 80 a Celsius imayamba kufewa mkati ngakhale maso sangaone, ndipo imasungunuka ikafika cha m'ma 250 mpaka 260. Ntchito yonse imachitika pakati pa malire awiriwa. Mukaipinda, n'kuitenthetsa mokwanira, n'kuisiya kuti izizire ili chipindikire, ulusi umakhazikika momwemo, ndipo madzi ochapira sangaubweze chifukwa safika pa kutentha kumene unakhazikikirapo. Makina a m'mafakitale ogwiritsa ntchito kutentha kouma nthawi zambiri amayenda pakati pa madigiri 150 ndi 200 pa poliyesitala, kutengera kukhuthala kwa nsalu.

Thonje, bafuta ndi viscose (ulusi wopangidwa kuchokera ku mitengo) n'zosiyana. Zimamwa madzi, ndipo madziwo amamasula zonse zimene simbi inamanga. Ngakhale mutazilowetsa m'makina odula chotani, zituluka zokongola tsiku limenelo, koma zikangochapidwa mizere imafufutika. Silika nayenso sasunga mpaka kalekale. Mariano Fortuny, amene ankasokera ku Venice ndipo analembetsa njira yake yopindira silika m'chaka cha 1909, anatchuka dziko lonse ndi madiresi a timapuliti ting'onoting'ono, koma madiresiwo ankasungidwa opotokola m'timabokosi kuti asawongoke, ndipo akawongoka ankabwezedwa kwa Fortuny kuti akawapindenso. Ubweya wa nkhosa uli pakatikati: umamvera nthunzi bwino kwambiri ndipo umasunga mizere nthawi yaitali, koma kuti usawongoke m'madzi umafuna mankhwala. Nsalu zosakaniza zimatsatira mbali imene yachuluka. Ya poliyesitala 65 pa 100 ndi thonje 35 imasunga bwino ndithu, pamene ya thonje lochuluka imakhumudwitsa.

Ngati nsalu ilibe chizindikiro chonena kuti ndi yanji, dulani kachidutswa muyatse mosamala. Poliyesitala imathawa moto, imasungunuka n'kusiya kachibulumwa kolimba. Thonje limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa, ubweya umanunkha ngati tsitsi lopsa. Kachiyeso aka kamapulumutsa mpukutu wonse wa nsalu.

Simbi, ndi makina osindikizira malaya

Simbi yamagetsi imafika kutentha kokwanira. Zizindikiro za pa zovala zimanena kuti kadontho kamodzi ndi madigiri cha m'ma 110, tiwiri cha m'ma 150, titatu cha m'ma 200. Vuto lake ndi loti imatenthetsa malo ochepa nthawi imodzi, mphamvu yokanikizira imadalira dzanja, ndipo nsalu imagwedezeka isanazizire. Ndiye puliti lina limagwira, lina siligwira, ndipo pa poliyesitala yakuda simbi imasiya mabala onyezimira amene sachoka. Nsalu yonyowa yoyala pamwamba imathandiza, ndiponso thabwa losalala lokanikizira pamalo pamene mwangosita mpaka patazizira. Pa siketi imodzi kapena ziwiri za mapuliti akuluakulu, njirayi ndi yokwana. Pa mayunifolomu a sukulu yonse, mkono udzatopa ntchito isanafike pakati, ndipo masiketiwo sadzafanana. Ena amapopera viniga wosungunula m'madzi asanasite. Mzere umathwa ndithu, koma viniga sasandutsa thonje kukhala nsalu yosunga mapuliti.

Makina osindikizira zithunzi pa malaya, aja a mbale yotentha yotsika kuchokera pamwamba, ndi sitepe yabwinopo kwa amene ali nawo kale. Amasunga kutentha pamlingo umene mwaika, amawerenga masekondi, ndipo amakanikiza mofanana paliponse. Mumapinda nsalu ndi manja, kuiika pakati pa mapepala, n'kukanikiza. Malire ake ndi kukula kwa mbaleyo, imene kawirikawiri ndi masentimita 38 mbali zonse kapena 40 kwa 60. Pa kolala, manja a bulauzi ndi zovala za ana ndi abwino. Pa siketi yaitali muyenera kukanikiza kangapo, ndipo pamene makanikizo awiri akumanirana nthawi zina pamaoneka kamzere.

Zikombole za katoni ndi nthunzi

Apa ndiima pang'ono, chifukwa njira iyi ndiyo ambiri amailambalala poganiza kuti ndi yachikale, chonsecho ndiyo imapanga mapuliti okongola kuposa onse.

Chikombole chimakhala makatoni awiri olimba, opindidwa mofanana ndendende kotero kuti lina limalowa mwa linzake. Mumatambasula loyamba patebulo n'kulipanikiza m'mbali kuti liwongoke, kuyalapo nsalu popanda khwinya, kuvundikira ndi lachiwiri, kenako kuyamba kusonkhanitsa mapindo amodziamodzi ndi zala mpaka zonse zitatu, katoni, nsalu ndi katoni, zitapindikira pamodzi. Mtolowo umamangidwa zolimba pakati pa timatabwa kapena kukulungidwa, n'kulowetsedwa m'bokosi la nthunzi kwa mphindi 20 mpaka ola limodzi kutengera nsalu. Ukatuluka sumasulidwa msanga. Umasiyidwa maola angapo, ambiri amausiya usiku wonse, kuti uzizire ndi kuuma. Amene amamasula nsalu ikadali yofunda ndiye amadandaula kuti njirayi sigwira, pamene wadula yekha theka la ntchito.

Ubwino wake waukulu ndi woti chikombole chimapanga maonekedwe amene makina a mpeni, amene tiwaona m'munsimu, sangathe. Puliti la sunray, lija loyamba lopyapyala m'chiuno n'kumakula potsikira kumpendero, limapangidwa pa nsalu yodulidwa theka la bwalo, ndipo mizere yake imachokera pamalo amodzi n'kumwazikana. Makina okankha nsalu molunjika sangatsatire mizere yotere, n'chifukwa chake sunray kawirikawiri amapindira m'zikombole. Chimodzimodzi mapindo okhotakhota, a makona atatu, a mamba a nsomba ndi ena otukuka. Kampani yopinda mapuliti ya Lognon ya ku Paris, imene inayamba m'zaka za m'ma 1800 ndipo inalowa m'manja mwa kampani ya zovala ya Chanel mu 2013, imagwirabe ntchito ndi zikombole masauzande zopindidwa ndi manja. Ubwino wina ndi woti nthunzi siwotcha nsalu, siisiya yonyezimira, ndipo imayenerana ndi ubweya, silika ndi nsalu zopyapyala zimene rola yotentha ingaononge.

Zovuta zake n'zoonekeratu. Chikombole chimodzi chimanyamula chidutswa chimodzi kapena ziwiri, ndipo chimatsekeredwa mpaka nsalu itazizira, ndiye kuti mupange masiketi ambiri tsiku limodzi mufunika zikombole zambiri. Kujambula ndi kupinda chikombole chatsopano kumafuna kuleza mtima, chifukwa mamilimita awiri olakwika pa puliti lililonse amasanduka masentimita angapo pofika kumapeto, ndipo chiuno sichikwana. Katoni nayo imamwa nthunzi n'kumafooka, mizere imabuntha, kenako imafunika ina. Kukula kulikonse kwa puliti kumafuna chikombole chakechake.

Pa nthunzi pali kusankha kwina. Bokosi wamba lokhala pamwamba pa madzi owira silidutsa madigiri 100. Pa ubweya ndi silika n'zokwanira, ndipo pa poliyesitala yopepuka limagwira bwino ndithu mukapatsa nthawi. Autoclave, thanki yotsekeka imene nthunzi imapanikizika mkati, imafika madigiri 120 mpaka 130, ndipo pa poliyesitala imatulutsa mzere wakuthwa wokhalitsa kwambiri. Koma thanki yopanikiza nthunzi si chinthu chowotcherera nokha ndi mgolo wakale. Ikaphulika imapha. Gulani yopangidwira ntchitoyo, yokhala ndi valavu yotulutsa mpweya ukachuluka ndi geji yogwira ntchito, apo ayi khalani pa bokosi wamba losapanikiza.

Makina a mpeni ndi rola yotentha

Awa ndiwo anthu amatanthauza akamati makina a mapuliti. Nsalu imachoka pampukutu kapena kuikidwa zidutswazidutswa, n'kulowa pakati pa mapepala awiri opyapyala, lina pamwamba lina pansi. Mpeni wautali wosadula umakankhira nsalu ndi mapepalawo kutsogolo, kupanga pindo, n'kulilowetsa pa rola yotentha pamene limakanikizika, kenako mpeni umabwerera kukatenga lina. Mapepala aja ali ndi ntchito ziwiri: kuteteza nsalu kuti isapse kapena kunyezimira, ndi kugwira mapuliti kuti asasunthe mpaka atazizira. Woyendetsa amasankha mbali ya puliti yooneka kunja ndi mbali yobisika pansi. Mpeni ukamakankhira mbali imodzi nthawi zonse mumapeza knife, mapuliti ogonera kumodzi. Ukamasinthana pamwamba ndi pansi mumapeza box, aja oyang'anizana misana.

Changu chake sichingafanizidwe ndi njira zina zonse. Chimene munthu wa zikombole angapange tsiku lathunthu, makinawa amachitulutsa m'kanthawi kochepa, ndipo puliti loyamba ndi lomaliza zimafanana. Kusintha kukula kwa puliti ndi nkhani yotembenuza zomangira pa makina akale, kapena kulemba manambala pa makina a kompyuta. A kompyutawo amathanso kusinthasintha mkati mwa nsalu imodzi: atatu aang'ono, limodzi lalikulu, mpata wosapinda, n'kuyambiranso. Kwa fakitale ya mayunifolomu, makatani kapena masiketi ogulitsa ambirimbiri, palibe chopikisana nawo.

Pali zinthu zimene muyenera kuzidziwa musanakopeke. Choyamba, mpeni umayala mopingasa makina, ndiye puliti silingatalike kuposa m'lifupi mwa makinawo. Makina a masentimita 160 sangakupatseni puliti la mamita awiri, ndipo wopanga makatani aatali ayenera kuyeza zimenezi asanalipire. Ndiponso nsalu ikalowa kuchokera pampukutu, mapuliti amayenda kuchokera kumphepete ina kufika inzake, osati motsatira utali wa nsalu, zimene zimasintha mmene chovala chimagwera ndiponso kumene maluwa a pansalu amayang'ana. Chachiwiri, pepala limatha tsiku ndi tsiku. Mita iliyonse ya nsalu imadya pepala pamwamba ndi pansi, ndipo makina opanda pepala loyenera amangokhala. Chachitatu ndi magetsi. Rola yachitsulo yaitali chonchi imafuna mphamvu zambiri kuti itenthe, makina ambiri aakulu amafuna magetsi a mafezi atatu, ndipo magetsi akazima nsalu ili pa rola yotentha, chidutswa chimenecho chapita.

Chinanso ndi utoto. Utoto umene amanyikira poliyesitala umayamba kuuluka ngati mpweya kutentha kukayandikira madigiri 180 mpaka 200. Mukaona pepala likutuluka ndi mtundu wa nsalu, dziwani kuti nsaluyo yasuluka pang'ono, ndipo ikasokedwa pamodzi ndi ina yosapinda kusiyanako kumaoneka. Mafakitale ena amapewa zimenezi poyendetsa rola pa kutentha kocheperako kuti ingogwira mapindo, kenako n'kulowetsa mpukutu wonse, mapepala ali momwemo, mu autoclave. Izi zikutanthauza kuti kugula makina a mpeni sikuthetsa nthawi zonse kufunika kwa nthunzi.

Ine ndimaona kuti telala wosoka zovala za munthu mmodzimmodzi alibe chifukwa chogulira makina awa. Amafuna ntchito yobwera mosalekeza kuti abweze ndalama zake, amafuna malo, ndiponso munthu wodziwa kukonza mpeni ukasokonekera. Mpeni ukapendekeka pang'ono chabe, mapuliti onse amatuluka opendekeka, ndipo pa poliyesitala cholakwika sichifufutika ndi simbi, pachifukwa chomwe chija chimene chimapangitsa puliti labwino kukhala losatha.

Marola a mano ndi makina ofinya

Pa timapuliti ting'onoting'ono ta mamilimita ochepa, totchedwa crystal, pali makina apadera. Ena mwa iwo ali ndi marola awiri a mano olowana amene nsalu imadutsa pakati pake ali otentha. Nzeru yake ndi yakale: m'zaka za m'ma 1800 ochapa zovala ankagwiritsa ntchito timarola ta mkuwa topukusa ndi dzanja, totenthetsedwa ndi chitsulo chamoto cholowetsa mkati, kupindira makolala othira sitachi. Makina a mano amathamanga, koma kukula kwa puliti ndi kukula kwa mano, ndiye kusintha kumafuna marola ena. Palinso makina ofinya nsalu mwachisawawa kuti ituluke ndi makwinya adala. Onsewa ndi a ntchito imodzi, oyenera munthu amene msika wake ndi womwewo.

Chenjezo laling'ono kwa ogula pa intaneti: kamakina kopukusa ndi dzanja kokhala ndi singano zambiri, ka ntchito ya smocking, yosonkhanitsa nsalu ndi ulusi pokongoletsa chovala, komanso kaphazi ka makina osokera kotchedwa ruffler, zonsezi zimagulitsidwa ndi dzina la zopindira mapuliti. Zimapinda ndithu, koma zilibe kutentha. Chimene chimagwira mapindowo ndi ulusi wosokera basi.

Nanga ubweya ndi thonje?

Apa yankho lili m'mankhwala kuposa m'makina. Mu 1957 bungwe la kafukufuku la CSIRO ku Australia linatulutsa njira ya Siroset, imene Arthur Farnworth anatsogolera. Ubweya umapoperedwa mankhwala a mtundu womwe uja wopotera tsitsi ku saluni, amene amamasula zomangira za mkati mwa ulusi, kenako nthunzi imaukhazikitsa mmene wapindidwira. Pa thonje, njira inali yonyika nsalu mu utomoni wa mankhwala, kusoka chovala, kuchisita, n'kuchiwotcha mu uvuni. Mabuluku a Sta-Prest a kampani ya Levi's, amene anatuluka mu 1964, anapangidwa motero. Utomoniwo umafooketsa thonje, n'chifukwa chake opanga anayamba kulisakaniza ndi poliyesitala, ndipo mitundu yambiri ya utomoniwu imatulutsa formaldehyde, mpweya woipa ku mapapo ndi pakhungu. Ndi ntchito ya fakitale yokhala ndi zotulutsira mpweya, si ya m'chipinda chosokera.

Telala amene kasitomala wake akufuna thonje basi ali ndi njira yoona mtima: kusoka kamzere pafupi kwambiri ndi m'mphepete mwa puliti lililonse, mamilimita amodzi kapena awiri, kunja ndi mkati momwe. Chovala chikachapidwa chimafunabe simbi, koma mapindo amadziwa pobwerera ndipo kusita kumatenga nthawi yochepa. Ndi bwino kumuuza mwini chovala zimenezi poyera kusiyana ndi kumulonjeza zimene thonje silingachite.

Kupinda kaye kapena kusoka kaye

Mwachizolowezi nsalu imapindidwa kaye, kenako n'kudulidwa ndi kusokedwa. Issey Miyake wa ku Japan anatembenuza dongosololi pa zovala zake za Pleats Please zimene zinayamba mu 1993: chovala cha poliyesitala chimadulidwa ndi kusokedwa chachikulu kawiri kapena katatu kuposa msinkhu wake, kenako chathunthucho chimaikidwa pakati pa mapepala n'kulowetsedwa m'makina otentha. Misoko ndi mipendero imapindikira limodzi ndi nsalu, ndipo chovala chimachapika popanda kusita. Phunziro lake limagwira ngakhale pa siketi wamba: pindirani mpendero wa m'munsi musanapange mapuliti. Mukaupindira pambuyo pake, mpenderowo umatukumuka n'kutsegula mapuliti kumunsi. Ndipo powerengera nsalu, kumbukirani kuti mapuliti a knife odzaza, ogundana lina ndi linzake, amadya nsalu katatu: masentimita 100 a m'chiuno amafuna masentimita 300 a nsalu, kuonjezapo ya misoko.

Ndiye musankhe ziti?

Wosoka madiresi aukwati, zovala za pasiteji ndi masiketi a sunray ayambe ndi zikombole ndi bokosi la nthunzi. Ndalama zoyambira n'zochepa, ndipo luso limene adzapeze ndi limene makasitomala sangalipeze pa zovala za m'fakitale. Wosoka mayunifolomu amene maoda ake amabwera nthawi imodzi pachaka aganizire zotumiza nsalu kwa amene ali kale ndi makina a mpeni. Makampani ongopinda mapuliti alipo m'mizinda yambiri imene muli mafakitale a zovala, amalipiritsa pa mita kapena pa chidutswa, ndipo kulipira iwo kumaposa kusunga makina ogona miyezi yambiri. Makina a mpeni ndi a munthu amene ali ndi maoda a mlungu ndi mlungu, kapena amene akufuna kuti kupindira ena mapuliti kukhale bizinesi yakeyo. Pamenepo funso la kompyuta limayankhidwa ndi mtundu wa ntchito: wopanga puliti limodzimodzi chaka chonse apindula ndi makina akale a magiya, amene makaniko wamba atha kuwakonza, pamene wosintha masitayilo pafupipafupi adzataya nthawi yambiri pomasula ndi kumanga zomangira ngati alibe a kompyuta.

Makina ogwiritsidwapo kale ntchito amapezeka, ndipo ambiri ndi olimba. Powayesa musavomere nsalu ya wogulitsa, tengani yanu, ya mtundu ndi kukhuthala komwe mudzagwiritse ntchito. Ilowetseni m'lifupi monse mwa makina, chifukwa rola yokalamba imatentha pakati n'kumazizira m'mbali, ndipo kachidutswa kakang'ono koikidwa pakati sikangaulule zimenezo. Yezani ndi rula mapuliti a kumanzere, a pakati ndi a kumanja. Funsani kumene pepala la m'lifupi mwake limagulidwa ndiponso ngati mipeni ndi zotenthetsera zosinthira zikupezekabe. Kenako tengani nsalu yopindidwayo muidule pawiri, theka musunge, theka linalo mulichape kangapo m'madzi ofunda ndi sopo, muliyanike osasita, n'kuziika pamodzi patebulo musanakambirane za mtengo.